Chuku cha a Ndiikenipo

Lolemba, 3 Malichi

Zatsimikizika. Kachuku kanga ka m'mbale nambala 14 kalibe dzina padziko lonse. Zaka zitatu pa maikulosikopu, khosi lopindika ngati la kakowa. Ndinakapeza m'dothi la m'munda mwa Amayi, momwe nyemba zimafota chaka ndi chaka. Kamalowa m'mizu, kuyamwa, kusiya mbewu ili chiimire koma itafa kale. Wopeza ndiye amatcha dzina. Ndikapatsa la Amayi. Ndalira pang'ono kuseri kwa fuliji.

Lachitatu, 5 Malichi

A Pulofesa anunkhiza za pepala la kafukufuku lomwe ndikulemba pa kachukuka. Mu labu timawatcha a Ndiikenipo. Munthu amene dothi amaliona pa nsapato pokha. "Mwanawe, pepala lathu lija, dzina langa patsogolo, lako pambuyo." Lathu, eti. Komanso kachukuko katchedwe dzina lawo, lokhala ndi kamchira ka Chilatini. Nkhuku, mazira, ndi khola lomwe.

Ndikakhala wachiwiri ndimira mu "ndi anzake". Ntchito yauphunzitsi ndikufunsirayi imafuna pepala lotsogola ine. Popanda ilo, ndidzakalamba ndikutsuka mbale zawo.

Loweruka, 8 Malichi

Kwa Amayi. Ndawauza za ulemu womwe ndikuwamenyera nkhondo. Anaika khasu pansi. "Iwe, sukulu yonseyi, dzina langa ukaliike pa chinthu chondiphera nyemba? Ndinakulakwira chiyani? Kampatse wodya zosalima."

Ndachoka nditatupa. Digiri ziwiri, kukanidwa mphatso pakati pa mizere. M'basi ndayamba kuseka ndekha, mayi wa pambali mpaka anasuntha.

Lachiwiri, 11 Malichi

Mwambo wa ntchito yathu: wolemba pepala satcha chamoyo dzina lake lomwe. N'kudziombera wekha m'manja. A Pulofesa amaudziwa bwino, chaka chatha anaseka mnzawo wouphwanya pa msonkhano mpaka misozi.

Ndalowa muofesi manja pamodzi, mawu a kutchalitchi. Ndati asankhe okha, bambo: pepala lomwe adzawerenge anthu asanu ndi awiri, kapena dzina lomwe lidzatchulidwe ife tonse titaiwalika. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Ankaliona kale, m'zilembo zopendekeka.

Lachisanu, 14 Malichi

Adzichotsa okha pa pepala. "Achinyamata tizikupatsani mpata," atero, ngati andigawira impso. Wolemba: ine ndekha. Ndawerenga mzere umenewo kakhumi.

Lachinayi, 19 Juni

Pepala latuluka. A Pulofesa anaitana labu yonse, jekete yatsopano, kutiwerengera mokweza. Dzina lawo analitchula katatu, mokoka. Kenako gawo la makhalidwe: "Sichipanga chakudya chake. Chimamatirira pa mizu ya zina, ndipo chimaonekera mbewu ikayamba kubereka."

Tonse maso pa nsapato. Mlembi wa muofesi anatuluka akutsokomola. Bodza mulibemo ngakhale limodzi, mkonzi anafufuza zonse. A Pulofesa aliika mu felemu, pamwamba pa chithunzi cha akazi awo.

Lamlungu, 22 Juni

Andiitana ku mafunso a ntchito ija. Ndaimbira Amayi, ndawasimbira zonse, za felemu zomwe. Anaseka mpaka foni inagwa. Ataitola: "Chabwino, mwanawe, dzina chapeza. Ndiye nyemba zanga chaka chino zichira?"

Pepala langa: masamba khumi ndi awiri, zithunzi zisanu ndi chimodzi, Chilatini chosalala. Za mmene tingachiphere mulibe ngakhale mzere.

Ndati foni ikuduka.