Dzenje Lija Mubzalemo Mtengo

Bambo a ana,

Pukutani misozi, galu wanu Mdala sakufa. Ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto m'mawa muno. Akuti mtima uli bwinobwino, ankakana kudya chifukwa dzino linawola. Alizula. Atangotsitsimuka wakwapula nyama yonse yomwe ndinakusungirani, ndiye pepani, mudzikazingire mazira.

Mankhwala ake ali pamwamba pa firiji. Muwabise m'chakudya chofewa, ndipo mumuyang'anire mpaka ameze, amalavula mukangotembenuka. Mafupa ayi, ngakhale akuyang'aneni mwachisoni.

Ine ndathamangira kuntchito, ndachedwa kale.

Dzenje munamukumbira dzulo kuseri kwa nyumba mukusisima lija, mubzalemo mtengo ana asanagweremo. Koma muyambe mwamuchotsa mwini wake. Wagonamo chagada, akugwedeza mchira.

Ndine mkazi wanu wotopa uja.