Chitetezo cha m'thupi chaukira chiwindi cha mkazi wanga

Aphungu,

Mkazi wanga Zefa anayamba kudwala chaka chatha: maso achikasu, thupi kuyabwa, kutopa kosaneneka. Anamuyeza malungo, HIV ndi tizilombo totupitsa chiwindi, osapeza kanthu. Anthu kuno anayamba kunong'ona kuti amamwa kachasu mobisa, chonsecho mowa sanaulawepo.

Anatipulumutsa ndi a dokotala ena achitsikana, a Walusungu. Anandiuza kuti, "Bambo, mayiwa sakunama, tiyeni tifufuzebe." Anatitumiza ku Blantyre, n'kumatiimbira foni kufunsa mmene tayendera. Kumeneko anapeza kuti chitetezo cha m'thupi mwake ndicho chikuwononga chiwindi.

Pano akupeza bwino, wayambiranso kugulitsa tomato pamsika. Koma mankhwala amutupitsa nkhope, ndipo bambo ake, a Fenias, akuti, "Mapilitsiwa amupha mwana wanga, tipite naye kwa sing'anga kutsidya kwa malire." Zefa anagwada n'kuwayankha kuti, "Ababa, ululu ndinaumva ndine. Sindisiya."

Ndimamunyadira, koma ndikuopa kudana ndi apongozi. Komanso thupi lingadziukire lokha bwanji?

S.D., Thambani

A S.D.,

Muli ndi mkazi wolimba mtima. Kukana mawu a bambo ako mwaulemu chonchi si masewera. A dokotalawo muwathokozenso, anagwira ntchito yawo ndi mtima wonse.

M'magazi mwathu muli asilikali olimbana ndi matenda. Pakati pawo pali kagulu kochepa kamene ntchito yake ndi kuletsa anzawo, kuwauza kuti ichi n'chathu, musachikhudze. Akatswiri akuona kuti kaguluka kakachepa kapena kufooka, enawo amatha kuukira chiwindi cha mwini wake. Si ufiti, ndipo sapatsirana. Mankhwalawo amaziziritsa asilikali olusawo, ndipo kutupa nkhope kumachitikadi. Kaonetseni kuchipatala, mwina angachepetse mlingo pang'onopang'ono.

Apongozi musakangane nawo. Akulankhula chifukwa cha mantha, mwanayo ndi wawo. Tsiku lokayezetsa magazi muwatenge, akafunse okha ndi kumva ndi makutu awo. Mukapemphe a dokotala awaonetse zotsatira zakale ndi zatsopano.

Koma ndikuchenjezeni: akazi anu asasiye mankhwala mwadzidzidzi, ngakhale atamva kuti achira. Zitsamba zosadziwika asamwe, chiwindi chawo n'chovulala kale. Maso akayambanso chikasu, kapena akatentha thupi, musadikire kuti tione mawa. Nyamukani tsiku lomwelo.

Aphungu