Munsi wa amayi

Lachiwiri madzulo, ku Bangwe. Tsiku loipa. Zilembo zikukhota chifukwa sukulu ndinalekezera Sitandade 4.

Masana anthu anakuwa kuti wakuba, akuti bambo wina waba foni pasiteji. Anamugwirira kuseri kwa nyumba yathu. Ine ndinali pakhonde kusinja mtedza. Amuna anga, bambo a Chisomo, anatuluka n'kunditsomphola munsi m'manja.

"Patseni kuno, lero aona ameneyu!"

Munsiwu ndi wa malemu amayi. Ndinachoka nawo ku Thyolo nditaupakata m'basi, ndipo pakati pake mposalala pomwe ankagwira iwo. Lero ndauona ukutera pamutu pa munthu katatu. Kachiwiri anakuwa kuti "Mayo ine!" Kachitatu sanalire. Apolisi anamunyamula ali lende, mkono ukukhukhuluzika pansi.

Amuna anga anabweza munsi uli ndi magazi ndi tsitsi.

"Mayi a Chisomo, tsukani musinje. Masamba opanda nsinjiro ine sindidya."

Ndatsuka ndi phulusa, mchenga, kenako sopo. Mtengo wamwa magazi, banga silikuchoka. Nsinjiro ndinakapempha kwa aneba, mayi a Asiyatu. Bambo adya osadziwa, uku akufotokozera ana nkhani ya masana moseka.

Kutaya munsiwu sindingathe, ndi chokhacho chomwe amayi anandisiyira. Kusinjira chakudya cha ana anga sindingathenso. Kaya munthu uja wafa, kaya apolisi abwera kudzaufuna. Mtedza udakali mumtondo, ndipo mawa sindikudziwa chomwe ndiwauze bambo.