Paipi Imodzi ya Dominiko

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Kuno sitili bwino, ndipo watilakwira ndi mwana wanu Siliro. Adzandiphetsera mwana. Ndayamba ndi zimenezi kuti musadzati sindinakuuzeni.

Mukuikumbukira njinga yamoto ya mdzukulu wanu Dominiko, yofiira ija, yampikisano, imene anagula kwa mzungu wa ku Kabulonga pamene ankabwerera kwawo? Inali ndi mapaipi a utsi awiri, ina uku ina uku. Maso anu atafa kale munkaimva ikadali ku msika wa Kabwata, n'kunena kuti, "Muikireni madzi pamoto, akubwera wa mphuno ziwiri uja." Inkalira motsitsa, ngati ng'ombe yokhuta.

Titakuikani m'manda ku Chunga, mvula isanathe, njingayo inaterereka m'matope ndipo paipi yakumanzere inaphwanyika. Yatsopano kulibe. M'masitolo a m'tauni mwangotsala mashelefu, Amayi. Sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, tikumaimira pamzere mpaka miyendo kutupa, nanga chitsulo cha njinga munthu angachipeze kuti? Ndiye Dominiko anaikankha kupita nayo kwa amalume ake ku Indasitiriyo, kumene Siliro amawotcherera zitsulo. Ine ndimati akawongola yophwanyikayo. Ayi ndithu. Siliro anadula zonse ziwiri, nalumikiza utsi wonse kuti uzitulukira mu paipi imodzi yonenepa kumanja, nachotsamo zam'kati zimene zimameza phokoso. Akuti yapepuka, akuti tsopano palibe angaipitirire. Paipi yabwino ija anaikoleka pakhoma kuntchito kwake. Ndinaiona ndi maso angawa.

Tsopano akangochepetsa liwiro imaphulika, pha! pha! ngati mfuti. Ndipo masiku ano si amene munawasiya. Ndege za kumwera zakhala zikubwera kudzaponya mabomba kunja kwa tauni, mawindo tikumaphimba ndi mabulangete, ndipo m'misewu mwadzaza malodibuloko a anyamata onyamula mfuti, ana aang'ono, maso ofiira chifukwa chosagona. Inu munkati galu wamantha ndiye amaluma. Ndawaona agalu amenewo.

Oyamba kupweteka anali ba na Chanda, aneba athu ogulitsa tinsomba ta kapenta aja amene ankakupatsirani fodya. Njinga inaphulika pafupi ndi msika masanasana, anthu n'kubalalika poyesa nkhondo yafika. Iwo anagwera m'ngalande n'kuthyoka m'chiuno. Mpaka lero ali chigonere. Ndimapita kukawasambitsa, koma amuna awo ndikawapatsa moni amayang'ana kukhoma.

Kenaka zinamugwera mwini wake Dominiko. Pa msewu wa ku Woodlands anati aime bwinobwino pa lodibuloko, njinga n'kuphulika. Anyamata a mfuti aja anamuwombera. Chipolopolo chinaboola jekete pansi pa mkhwapa, osakhudza thupi. Anamutsitsa, namumenya, namusunga mpaka abwana ake a ku ofesi anakamuperekera umboni. Khutu lakumanzere silimvanso. Jeketeyo ndinasoka ndine, ndipo chala changa chinalowa chonse pachibowopo.

Mawa lake ndinakwera basi kupita kwa Siliro. Ndinamupeza ali ndi magalasi akuda aja kumaso, moto uli thethethe. Anandiseka, Amayi, pamaso pa antchito ake. Akuti, "Alongo, za injini muzidziwira kuti inu? Pasukulu munapondapo?" Zoona sindinapondepo. Iye munamutumiza ku mishoni, ine munandisiya ndi mbuzi ku Katete, ndipo sindinadandaulepo. Koma kulira kwa mfuti sikufuna sukulu. Ndikamuuza Dominiko, yankho lake ndi limodzi: amalume anena kuti ili bwino. Ndinu munamuphunzitsa kuti mwini mbumba ndi malume, mawu ake sabwezedwa. Bambo ake anapita kale, ine ndine mkazi chabe womubereka. Onani tsopano mwini mbumba wanuyo.

Ndisaiwale zabwino, zilipo pang'ono. Mpongozi wanu Mwansa, mkazi wa Dominiko, anachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Ezelina, dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu chenicheni, ndipo akakwiya amakunga milomo monga munkachitira. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinabereka bwino, koma kunabwera anthu ndi zikwakwa n'kuchitchetcha chili chiwisi, akuti chimabisa akuba. Maungu okha ndiwo anapulumuka. Mbewu yake ndi ija munabwera nayo m'kansalu.

Poona kuti palibe wondimvera, ndinachita zanga. Dominiko ali kosamba, ndinatenga chiguduli ndi dothi lonyowa n'kutseka paipiyo, kukankhira ndi mthiko mpaka m'kati. Ndimati ikhale chete ngakhale tsiku limodzi. Inakana kulira, iye anatuluka thukuta poiponda, mpaka anapeza chiguduli. Sanandilalatire, bola akanatero. Anangomanga katundu, natenga mkazi ndi mwana, n'kusamukira ku Chelstone kwa achibale a Mwansa. Kupepesa sindipepesa. Akanakhala pano ndikanatsekanso.

Koma taonani pamene zafika. Ku Chelstone n'kutali, ndipo pakati pa kumeneko ndi tauni malodibuloko ndi ambiri kuposa kuno. Amadutsapo m'mawa ndi madzulo. Ndiponso Lamulungu likubwerali Ezelina abatizidwa ku tchalitchi chathu kuno ku Kabwata, ndipo ndamva kuti abwera pa njinga yomweyo, Mwansa kumbuyo, khanda kumsana. Ndatumiza mawu kuti akwere basi. Akuti basi ilibe nthawi, angachedwe Misa. Mnyamata wa mfuti akadzidzimuka sayang'ana kuti kumsana kuli ndani.

Kwa abambo mfumu ndinapita, anati tipemphere. Kwa atcheyamani a chipani ndinapita, anati ndi nkhani ya m'banja. Mwatsala inu. Siliro saopa Mulungu, saopa boma, koma inu amakuopani mpaka lero. Mkazi wake anandinong'oneza kuti akakulotani amakhala osadya tsiku lonse. Ndiye mupiteni, Amayi. Musamunyengerere monga munkachitira ali mwana. Mumuimirire kumutu, mumutchule dzina lake lonse.

Ine ndikulonjeza kuti ubatizo ukatha ndidzamubereka ndekha Ezelina, ndidzabwera naye ku Chunga kuti mumuone, ndipo ndidzalimirira pamanda panu. Ndikufuna abwere kwa inu ali kumsana kwanga, akuyamwa chala, n'kubwereranso nane kunyumba.

Siliro atsitse paipi ija pakhoma, awongole inzake, apite nazo yekha ku Chelstone akabwezeretse zonse ziwiri Loweruka lisanathe. Mumuuze choncho.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani ngakhale munkati ndine wouma mutu,
Agata