Esinala Wakonza Mpopi pa Chitakale

Okondedwa Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tili bwino, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Mwana wanga Esinala analembetsa pafoni kuphunzira zokonza mipopi ku khonsolo, ndipo anamutenga. Maphunziro amawerenga pafoni pomwepo, kenako amapita kukagwira ntchito ndi amisiri.

Lachiwiri ndinamupeza pamsika wa Chitakale atavala ovolosi, akukonza mpopi umene unauma kalekale. Madzi atatuluka, mayi wina wogulitsa tomato anafunsa, "Mwana wa ndani ameneyu?"

Ndinayankha mokweza, "Wanga!"

Achimwene, munati mumuitanitsa kumeneko kuti azikagwira ntchito yapakhomo. Ndapota nanu, msiyeni amalize. Muimbireni foni, chifukwa akuopa kuti mukhumudwa naye.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Feliya