Ndege ya m'galaja

Lolemba, 1 Sepitembala 2008

Mndandanda wa ochotsedwa ntchito utuluka kumapeto kwa mwezi. Watero Immaculata, kalaliki wa ku ofesi. Akuti ayambira ogwira m'maluwa, ndipo wa m'maluwa kunyumba ya manijala ndi ine. Ntchito ikatha, nyumba ya kukomboni yathanso. Anzanga ali ndi kwawo. Ine ndinabadwira pa esiteti ya tiyi pompano, bambo anachokera ku Thyolo ndipo agona kuseri kwa fakitale. Ku Thyoloko sindinapondeko. Mkazi wanga Otilia kwawo ku Mozambique kunapsa ndi nkhondo iye ali mwana.

Masana a Nyamunda, manijala watsopano, atsegula galaja n'kupeza ndege yoseweretsa ya Bwana Gavin, amene anapita ku Australia chaka chatha. Mapiko ofiira, aatali ngati chitseko. Andifunsa m'Chishona chawo, "Unoigona here, mudhara?" Ndayankha kuti ndimaitha, ndi lupu yomwe, kuizunguliza chagada m'mwamba. Pakamwa panathamanga, mutu unatsalira. Zaka khumi ndi ziwiri ntchito yanga inali kuthira mafuta, kuliza injini ndi kugwira mchira mpaka bwana atanena kuti siya. Rimoti sindinaikhudzepo.

Ati pa 20 kubwera alendo a ku Harare, ndikaiulutse pabwalo la mpira. Alendo akasangalala, dzina langa silikhala pamndandanda.

Lachinayi, 4 Sepitembala

M'galaja momwemo muli kompyuta yophunzirira kuulutsa, ndi rimoti yake ya chingwe. Anabwera nayo mwana wa Bwana Gavin kuchokera ku America. Bwana Gavinyo anaiyesa kamodzi n'kuikankhira uko, amvekere chinthu chokhota ichi. Magetsi amabwera jenereta ya fakitale ikalira, 12 koloko mpaka 2. Nthawi ya nkhomaliro, koma nkhomaliro yake iti.

Pagalasi pali bwalo la udzu, kandege, thambo lopanda mtambo. Timitengo tiwiri pa rimoti. Chala chachikulu chakumanzere chimapatsa moto, chakumanja chimakweza ndi kutsitsa mphuno. Ndagwa ka 31. Mapiko amathothoka, tayala kugubudukira uko, kenaka kandege kabweranso katsopano popanda wokukalipira.

Rimoti yeniyeni a Nyamunda aitsekera m'kabati kuchipinda kwawo. Akuti masiku ano katundu akumera miyendo.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Jenereta zii kuyambira Loweruka. Dizilo palibe. Ndathirira maluwa, zala zikungoyenda zokha papayipi.

Kunyumba nthochi zophika, kachitatu sabata ino. Otilia anati, "A bambo a Dina, kawauzeni zoona nthawi ikadalipo, mwina amva chisoni." Ndinamuyankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sanaseke. Chisoni cha manijala sichinasungirepo munthu nyumba pano.

Lachisanu, 12 Sepitembala

Jenereta yaliranso. Lupu yoyamba. Kumanzere kukankha moto wonse, kumanja kukoka pang'onopang'ono. Ndege ikwera, igona chagada, pamenepo uchepetse moto, itsike yokha mpaka ibwerere pomwe inayambira. Ndinakuwa ndekha m'galaja, bambo wa zaka 54. Ndasangalala, ndisaname.

Chovuta ndi pamene ikubwera kwa iwe, kumanja kumasanduka kumanzere. Ndapeza njira yake. Phiko lomwe latsika, kankhira kamtengo komweko.

Mphepo ya m'phiri yagwetsa mapeyala awiri. Ndabisa limodzi.

Lachitatu, 17 Sepitembala

Malupu khumi osagwa. Kuigubuduza ngati chimanga pamakala, kanayi motsatizana. Kuuluka chagada kuchoka mbali ina ya bwalo kufika inayo. Potera ndathyola tayala kawiri kokha. Sindikuganizanso, zala zikudziwa zokha.

Immaculata anasuzumira pakhomo, amvekere, "Sekuru, zvakaoma, zinthu zavutadi, mwasanduka payiloti mutakalamba." Za mndandanda sananene kanthu, inenso sindinafunse.

Mafuta a ndege atsala theka la chigubu. Injini yalira nditaipukusa kachitatu, fungo lake lomwe lija. Ndapempha rimoti yeniyeni kuti ndiizolowere. Akuti kiyi ali ndi akazi awo, ndipo mayiwo apita ku Mutare kukasaka ufa ndi sopo, abwera Lachisanu madzulo. A Nyamunda ati aitchaja okha, ndisadandaule.

Loweruka, 20 Sepitembala

Yagwa.

Lolemba, 22 Sepitembala

Ndilembe momwe zinayendera, mwina mutu upepuka.

Rimoti anandipatsira pabwalo pomwepo. Komboni yonse itandanda m'mbali, alendo pamipando pansi pa mtengo. Inacio, dalaivala wa lole, ndiye anagwira mchira, malo anga akale. Injini ikulira. Ndinakankha kumanzere kuti ndipatse moto, injini osasintha, m'malo mwake kachipsepse ka kumchira n'kupindika. Ndinakankha kumanja, injini n'kukuwa.

Rimoti ya Bwana Gavin moto uli kumanja, mphuno kumanzere. N'chifukwa chake kompyuta ija ankaiti yokhota. Zaka zonsezo ndinkagwada kumchira nditamufulatira, maso pa ndege. Zala zake sindinaziyang'anepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndikanatha kuzimitsa injini n'kupepesa. Ndinaona a Nyamunda akumwetulira alendo awo, kumbuyo uko Otilia atagwira pakamwa. Ndinauza Inacio kuti siya.

Inanyamuka bwinobwino. Ine kumangonong'ona ndekha, kumanja moto, kumanzere mphuno, kumanja moto. Inazungulira kawiri pamwamba pa minda ya tiyi, anthu kuwomba m'manja, amayi nthungululu. Ndinali nayo. Ndinayamba kuganiza zoitsitsa, basi zithere pomwepo.

Ndiye a Nyamunda anakuwa, "Lupu, mudhara!"

Mutu usanayankhe, zala zinachita za m'galaja. Kumanzere kukankha, kumanja kukoka. Injini inangoti zii, mphuno n'kuloza pansi. Inalowa m'tiyi kumunsi kwa bwalo, phokoso ngati kreti yagwa pa lole. Ena anaseka, kenaka analeka. Alendo anapitiriza kumwa tiyi wawo.

Lero ndatola zidutswa. Zakwana m'dengu limodzi lothyolera tiyi. Injini ili ndi dothi mpaka m'kati, ndaitsuka ndithu, sindikudziwa kuti ndikutsukira ndani.

Lachinayi, 25 Sepitembala

A Nyamunda akundipatsa moni monga mwa masiku onse. Galaja aikapo loko watsopano. Ndadulira maluwa a kukhonde. Otilia sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena.

Lachiwiri, 30 Sepitembala

Mndandanda wamatidwa pachitseko cha ofesi. Laison Makwinja, wachitatu kuchokera pamwamba. Immaculata anandiona ndikubwera n'kulowa m'kati. Nyumba tituluke pofika Loweruka.

Esiteti yapereka lole yokatula anthu kwawo, ulendo umodzi. Inacio akuyenda khomo ndi khomo ndi pensulo, kulemba kotsikira. Ena Samanga, ena Ruda, wina Nyanga. Atafika pathu anavula chipewa, anakana mpando. Anati, "Achimwene, dizilo ndi woyeza, nditchulireni malo amodzi."

Ndinayang'ana Otilia, iye anayang'ana pansi. Inacio anavala chipewa chake, anati abweranso mawa m'mawa.