Enifa, Mwana wa Tsidya la Thuchila

Lolemba, 8 Meyi 1911

Chiperoni. Phiri silikuoneka, ana mamina okhaokha. Denga la sukulu likudontha pamene ndimaima ine, pena ayi.

Mwana watsopano, Enifa. Ngwa Alomwe aja angofika kuchokera kwa Apwitikizi, amanga tsidya la Thuchila. Anabwera naye ndi malume ake. Akuti, "Aphunzitsi, uyu ndi wosamva." Ndinawauza kuti asade nkhawa, osamva ndawongola ambiri, ndodo ilipo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkumapita.

Lachinayi, 11 Meyi

Wosamvadi. Ndikati imani, iye ali phee pachipika. Anzake akuimba a e i o u, iye maso ali pakamwa panga ngati ndabisamo nyama. Ndinaganiza kuti vuto ndi chilankhulo, ndiye ndakhala ndikumukuwira m'Chilomwe changa chotola m'njira. Mawu asasa. Mkazi wanga Lettie akuti akumandimva ali kudimba.

Ndodo sindinaikhudze. Mwana akukumwetulira, umuyamba pati?

Lachisanu, 12 Meyi

Manyazi. Amake abwera. Makutu a mwanayo anatseka ali khanda, atadwala kwambiri. Ngakhale bingu salimva. Malume aja ananena zoona, wopusa ndine.

Anafunsanso kuti Chilomwe anandiphunzitsa ndani, poti ana akukanena kumudzi kuti masiku onsewa ndakhala ndikufunsa Enifa ngati mbuzi yake yakwatiwa. Mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi. Atapukuta misozi anapempha kuti ndisamubweze. Kumudzi anzake amamusiya yekha pakhonde. Chiyambire sukulu akumadzuka yekha nkusamba, ngakhale kuzizire chotere.

Ndavomera. Chimene ndavomera sindikuchidziwa.

Lachitatu, 17 Meyi

Ndajambula nkhuku pasileti, m'munsi ndalemba nkhuku. Enifa anayang'anitsitsa, nagwada, nayamba kukwawa ngati fulu. Sukulu yonse pansi ndi phwete.

Masana ndabwera ndi nkhuku yeniyeni, yamawanga ija ya Lettie. Kuloza nkhuku, kuloza mawu. Kuloza nkhuku, kuloza mawu. Nkhope ya mwana inasintha mwadzidzidzi, ngati munthu wapeza njira m'thengo. Pomwepo nkhuku inandipulumuka nkutulukira pobooka padenga. Koma analemba! Chilembo chimodzi chagona chagada, komabe analemba.

Nkhuku sinabwerebe. Kunyumba sakundiyankhula.

Lachiwiri, 6 Juni

Sukulu yasanduka msika. Mwana aliyense akubwera ndi chinthu choti Enifa adziwe dzina lake: khasu, lichero, chinangwa, chule m'chikho. Sungani wabwera ndi mng'ono wake wamaliseche. Ngakhale mbuli zanga zakale, zimene zinakakamira pa ba be bi chaka chonse, zayamba kulemba pofuna kudzionetsa kwa iye.

Iyenso akuwaphunzitsa zake za manja. Aliyense wapatsidwa dzina. Langa: kuyasamula kwambiri, dzanja litagwira pakhosi. Lettie walidziwa kale. Akundiitana nalo pamaso pa alendo.

Lamulungu, 18 Juni

Mlandu.

Lachisanu a Yakobo, mkulu wa mpingo, anabwera kudzaona sukulu, ndevu zawo zosongoka zija atazipesa bwino. Enifa anawayang'ana, nalemba, nagwada, nawapatsa sileti ndi manja awiri. MBUZI. Zilembo zonse zoongoka. Ndinayamba ndanyadira. Kenako ndinakumbukira kuti a Yakobo amawerenga.

Lero titaweruka mapemphero akulu anakhala pansi kuseri kwa sukulu. A Yakobo akuti masileti ndi ochepa, gonthi sangayankhe katekisimu, ndipo kwalembedwa kuti wakukhala nawo makutu amve. Mwanayo achoke. Amake ndikawauza chiyani? Ndinayankha mwaulemu kuti amene alibe makutuwo ali ndi maso, tiwaonetse. A Yakobo anaika dzanja kukhutu: "Wati chiyani?" Ndinabwereza. "Kweza mawu, Danieli!" Ndinakuwa. Anatembenukira kwa a Lackson, mkulu mnzawo, kuwafunsa kuti ndati chiyani. A Lackson anagwidwa chifuwa chachilendo, nathawira kuseri kwa nkhokwe. Enanso mitu pansi, mapewa akugwedezeka.

Agamula kuti akhale kaye mpaka woyendera masukulu adzabwere kudzaweruza yekha. Koma sileti apatsidwe mwana wina.

Lachinayi, 22 Juni

Ndamulanda sileti. Sanalire. Anangoigwiritsa pachifuwa, ndinachita kumasula chala chimodzichimodzi. Chakudya sichinalowe lero.

Lachinayi, 29 Juni

Enifa watola khala. Chitseko cha sukulu tsopano chalembedwa chitseko. Mtondo wa Lettie, mtondo. Galu woyera wa a Lackson akuyendayenda m'mudzi dzina lake lili m'nthiti. Ndauza ana kuti a Yakobo akamabwera azimugwira manja Enifa.

Woyendera uja sanafike, akuti malungo amugoneka. Ndamupempherera kuti achire. Sindinatchule kuti liti.

Lolemba, 3 Julaye

M'mamawa amake Enifa ali pakhomo, mkono atautambasula ngati wathyoka. Ndinkati ngozi. Ayi, pamkonopo pali zolemba za khala. Mwana anawalemba Loweruka, ndipo chiyambire sanausambe. Dzulo kukuwaza mvula anaukulunga tsamba la nthochi, nkupita kumunda kukalima ndi dzanja limodzi. Kumudzi kwawo kulibe wowerenga. Ankaopa kuti mwina nawonso alembedwa mbuzi.

Ndinawerenga. AMAI. Mawu amenewa sindinamuphunzitse ine.

Anayang'ananso pamkono. Kenako anati, "Chibadwire sanandiitanepo. Lero wandiitana, ine nkumayenda kwa anthu kukafunsa kuti akuti chiyani."

Sanabwerere kwawo. Alowa m'sukulu, akhala pachipika cha ana aang'ono, khanda kumsana, maondo kufika kuchibwano. Akufuna ndiwaonetse kalembedwe ka "ndili pano". Ndawauza kuti zilembo zake nzambiri, tiyambe ndi a. Akana, akuti a alibe naye ntchito. Ana andizungulira, Enifa wathamangira kukhitchini kwa Lettie kukatenga khala lina, ndipo mayiwo apinda kale nsalu pamkono winawo.